Tsitsi M'dzenje Limodzi

Pa Migowi panali ometa atatu chaka chimenecho, koma mukaona mutu wokonzedwa bwino n'kufunsa kuti wagwira ndani, yankho linali limodzi: Redson. Awiri enawo ankametera pansi pa mtengo ndi sizasi, kagalasi kong'aluka kakulendewera panthambi. Redson Namathanga anali ndi chipinda cha lendi kuseri kwa msika, cha magetsi, mpando wozungulira umene anakauwotcheretsa yekha, ndi chikwangwani cha penti yofiira cholembedwa kuti MUTU UMODZI BABASHOPU. Amayi ogulitsa nandolo sankadutsa osamalizitsa mwambiwo. Ankati susenza denga, kwatira, iye n'kumangoseka.

Kukwatirako ankakufuna, ndipo mkazi anali atamupeza kale. Zelifa wa ku Jenala anausa mvula pakhonde la babashopuyo tsiku lina ali ndi thumba la mpendadzuwa, ndipo mvula itakata anapitirizabe kuusa. Tsopano panali patatha chaka. Chotchinga chinali chimodzi, a Thomson, amalume ake a mtsikanayo. Redson atatumiza mawu oti akufuna kudzaonekera, iwo anabweza yankho loti kumeta si ntchito. Kwawo, anatero, munthu amameta mnzake ulere pansi pa mango, ndipo mwamuna wodya za tsitsi la anzake sangasunge mwana wa mlongo wawo.

Mawu amenewa anamupweteka kwambiri, chifukwa ntchito yake ankainyadira mosabisa. Nthawi ya chipani chimodzi mutu wa mwamuna unalibe chonena, tsitsi likangotalika ena ankakumeta osakufunsa. Ufulu utabwera, mitu nayo inamasuka. Kunadza tebulo, kunadza bulashi, kunadza panki, ndipo mnyamata akaona mametedwe achilendo m'vidiyo ankathamangira kwa Redson kukafotokoza ndi manja, Redson n'kumutulutsira zomwezo. Iye mwini anali ndi panki ya mzere kumanzere, yomwe ankaikonza yekha ndi magalasi awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi dzanja la munthu wina linali lisanafike pamutu pake.

*

Mwamuna amene a Thomson ankamufuna anali Walter, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Ntcheu, mwini njinga yamoto ndi malipiro a pamwezi. Tsoka lake Redson, Walter yemweyo anali kasitomala wake. Ankabwera masabata awiri alionse kudzakonzetsa tebulo, yosalala pamwamba yoti mungaikepo kapu ya tiyi osatayika.

Lachiwiri lina Walter anakhala pampando, nakweza chibwano kuti amumange nsalu, ndipo anayamba ndi za nyengo ngati munthu wopanda mawu. Makina atayamba kulira, anatulutsa zimene anabwerera.

“Dzulo ndinali ku Jenala, mphwanga. Ndinamukweza Zelifa mpaka ku Chiringa. Koma mtsikana uja amaopa mabampu, amachita kugwira zolimba.”

“Msewu umenewo ndi woipadi, alangizi,” anatero Redson.

Makina anali pakati penipeni pa tebulo. Kungotsitsa dzanja pang'ono, alangizi akanatuluka ndi dambo pamutu, ndipo Migowi yonse ikanaseka mpaka mwezi kutha. Redson anaziganiza zimenezo, tisamunamizire kuti anali mngelo. Koma mutu uliwonse wotuluka pakhomo lake unali dzina lake loyenda pamsewu, ndipo dzina lake sakanaliipitsa chifukwa cha mkamwa mwa Walter. Anamalizitsa tebulo ija bwino kuposa masiku onse, namupukuta m'khosi, namuonetsa kumbuyo ndi galasi laling'ono. Njinga yamoto italira kuchoka, anazimitsa wailesi, ndipo tsiku limenelo sanadye masana.

*

Lachisanu masana kunabwera Fyness, msuweni wake wa Zelifa, atavala duku ndi chitenje chakale, m'manja muli jumbo ya matemba ndi mchere. Sanalowe. Anaima pakhomo napereka pepala long'ambidwa m'kope, lopindidwa kanayi.

“A Redi, amalume aakulu a Noah anatisiya Lachitatu, tawaika dzulo. Mawa ndi kumeta, koma pano pavuta. Amalume a Thomson atulutsa lumo la makolo, akuti aliyense ametedwe ndi limenelo. Anyamata ochokera kutauni akana, akuti ndi matenda a masiku ano lumo limodzi mitu makumi atatu ayi. Kugolosale kuli malezala anayi okha. Amalume akuti wokana kumeta asadzapondenso pano. Bwerani ndi zipangizo zanu. Sindinauze munthu. Ndine Zelifa.”

Redson anawerenga kawiri, napepesa za malirowo, kenako nsanje inamulaka. Anafunsa, akuyang'ana kumbali, chifukwa chake sanaitane a njinga yamoto, poti ndiwo odziwa kunyamula anthu mpaka ku Chiringa. Fyness anamuyang'ana, ndipo ngakhale anali wa pamaliro anaseka mpaka kugwira chitseko. Ku Chiringa, anatero, anapita kukaitana mwana wa a Noah matenda atafika povuta, ndipo panjingapo anakwera atatu.

“Amene ankawagwira alangizi m'chiuno ndi amayi anga. Zelifa anali kumbuyo kwenikweni, pa keliyala, akulira njira yonse.”

Manyazi anamugwira Redson, koma anali manyazi okoma. Loweruka ndilo tsiku limene mitu inkachuluka pabenchi mpaka ena kudikirira panja, ndipo chitsegulireni anali asanatsekepo Loweruka. Anatsegula kabati natulutsa makina ake akale a manja, ofinya ndi zala, amene anayambira ntchito asanakhale ndi chipinda cha magetsi. Anawathira mafuta, nawaika m'chikwama pamodzi ndi sizasi ziwiri, nsalu, thonje ndi botolo la sipiliti.

*

Anafika ku Jenala dzuwa litakwera pang'ono, miyendo ya thalauza itachita kufiira ndi fumbi. Pabwalo panali zii. Amuna achikulire anakhala mbali imodzi pa zitsa, anyamata a kutauni anaunjikana mbali ina manja ali m'matumba, amayi anali pamphasa kukhonde. Pakati panali mpando wopanda munthu, ndipo pambali pake a Thomson ankanola lumo pamwala mosathamanga. A Noah atapita, mbumba yonse tsopano inali m'manja mwawo, ndipo tsiku loyamba lomweli ana anali atawakanira pamaso pa mudzi. Walter analipo, pampando wa ndalema pakati pa akuluakulu, tebulo ikuwala. Masiku atatu onse a maliro mawu ake anali oti ife a m'banja.

Redson anatsamiritsa njinga pamtengo, napita kukanjuta patsogolo pa a Thomson, napepesa monga mwa mwambo. Mkuluyo anamuyang'ana kuyambira kumapazi, ndipo maso atafika pa panki anaima pamenepo.

“Wakuitana ndani?”

“Maliro saitanira, bambo. Ndamva, ndabwera.”

Anatulutsa makina aja nawaika pansalu. Anafotokoza motsitsa mawu kuti awa satema khungu, ndipo mutu uliwonse ukatha amawapukuta ndi sipiliti asanagwire wina. A Thomson anati makolo makinawo sankawadziwa, lumo ili linameta maliro a amayi awo ndi a agogo awo, ndipo silipuma lero chifukwa cha ana owerenga manyuzipepala. Anyamata aja anang'ung'udza. Mmodzi anali atayamba kale kufunsa nthawi ya minibasi.

Ndi pamene kukhonde kunamveka mawu a amayi ake a Zelifa, a Edina, mayi wosalankhulalankhula.

“Achimwene, chofunika n'chakuti tsitsi ligwe, kapena magazi atuluke?”

A Thomson anasiya kunola. Redson anaona kuti mkuluyu akufuna njira yotulukira yosamuchotsa ulemu, ndipo anamupatsa. Anati lumo la makolo liyambe ndilo. Munthu aliyense akakhala pampando, bambo adule nalo nsonga ya tsitsi pamwamba, osafika pakhungu, ndipo makina angomalizitsa ntchito imene lumo layamba. Kenako a Thomson anaimirira, naloza mnyamata wa minibasi uja ndi lumolo kuti akhale.

*

Amene sanagwirepo makina a manja sadziwa kuti tsitsi ndi lolemera. Redson ankafinya, kutsetsereka, kufinya, kuchokera pankhongo kukwera mpaka pachipumi, osasiya mzere ngakhale umodzi. Mpala nawo uli ndi luso lake, ndipo ankafuna kuti anthu a ku Jenala aone. Mutu ukatha ankamasula makina, kupukuta mano ake ndi thonje pamaso pa onse, n'kukutumula nsalu. Mitu ina inali ya imvi zofewa, ina ya tsitsi louma ngati udzu wa mu Okutobala. Iwiri kapena itatu anaizindikira, inali ya makasitomala ake, ndipo ankagwetsa ndi dzanja lake zomwe anamanga yekha. Tsitsi lonse ankalisesera m'dengu, poti la pamaliro silisiyidwa pamtetete, limakakwiriridwa m'dzenje kuseri kwa nyumba.

Pofika mutu wa khumi ndi chisanu, matuza anali atatuluka m'zala. Pofika wa makumi awiri anaphulika, ndipo sipiliti ankamuluma mpaka m'mano. Sanapume, sanasinthe nkhope. Pabwalo anthu anali atayamba kucheza, anyamata aja akusisitana m'mitu ndi kusekana makutu.

Amuna atatsala pang'ono kutha, agogo ena anati wometayu apitirize kukhonde, ayambe ndi a Edina, mlongo wa malemu. Redson anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, maso pansi, manja kumbuyo. Anati apepese, mutu umenewo dzanja lake silingafikepo. Anatenga sizasi ndi sipiliti napatsa Fyness, namuonetsa mopukutira. Kukhonde amayi anabisa kukamwa m'zitenje, chifukwa panalibe wosamva. Mwamuna amene amaopa mutu wa mayi motero ndi mkamwini, ndipo Redson anali atanena pabwalo, popanda mawu, chimene anakanizidwa kudzanena ndi ankhoswe. A Thomson nawo anamva, koma anangokhala pampando kuti ametedwe, omaliza mwa onse.

*

Atametedwa, a Thomson anasisita mutu wawo ndi manja onse, kufufuza bala. Sanalipeze. Anatembenukira kumpando wa ndalema.

“Alangizi, masiku atatu mwakhala mukuti ndinu a m'banja. A m'banja onse ameta. Mpando ndi uwu.”

Dzanja la Walter linakwera lokha kukagwira tebulo. Anaseka pang'ono, nati Lolemba kukubwera akuluakulu a ntchito kuchokera ku Blantyre, ndipo munthu sangakaime pamaso pawo ngati wotuluka kundende. Atazindikira kuti wanena zimenezi pakati pa mipala makumi atatu, anayesa kukonza, nati kwawo ku Ntcheu amachita mosiyana pang'ono, ndiponso mumtima ndimo mofunika. Anayang'ana wotchi. A Thomson anangogwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa mbuzi n'kusiya kugula.

“Nanga iwe wometa?”

Redson sanayembekezere funsolo. Iye sanali wa m'banja, ndipo akanakana palibe akanamuda. Panki imeneyo ndiyo inkaitana anyamata pakhomo lake kuposa chikwangwani, ndipo kuti ifike pamene inali panapita miyezi. Anakweza maso naona Zelifa ataima pangodya ya nyumba, duku litamangidwa pamutu wometa kumene, maso otupa ndi kulira, akumuyang'ana osaphethira. Anapukuta makina ndi sipiliti, nawapereka kwa a Thomson ndi manja awiri, nakhala pampando.

Mkuluyo anayamba ndi lumo, nadula nsonga monga anachitira ndi ena onse. Kenako anagwira makina ngati akufinya mbewa. Ankazula m'malo mometa, ndipo misozi inamulengeza Redson, koma sanasunthe khosi. Anangonena motsitsa kuti bambo, finyani kaye musanakankhe. A Thomson anafinya asanakankhe, ndipo makina anayenda. Atamaliza, thukuta lili kamukamu, anatambasula zala zawo n'kuziyang'ana. Mutu umodzi wokha unali utawatopetsa chotero. Anagwira dzanja la Redson nalitembenuza, naona matuza aja. Kenako anasesera okha tsitsi la mnyamatayo m'dengu.

Kuseri kwa nyumba, dzenje litakwiriridwa, a Thomson analankhula onse akumva.

“Dzanja limene lameta mudzi wonse osatulutsa magazi, khasu silingalikanike. Ankhoswe ako abwere Loweruka likudzali. Tsitsi lako lagona m'dzenje limodzi ndi lathu, ndiwe wathu.”

Amayi akanaimba nthungululu pakanapanda maliro. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo Redson anaiwala kupweteka kwa zala. Munthu yemwe anati kumeta si ntchito anali atavomera pamaso pa mbumba yake. Koma a Thomson anali asanamalize. Anakweza ndodo naloza kuseri kwa munda wa chinangwa, pomwe panali chulu. Nyumba, anatero, idzamangidwa apo, njerwa aumbe mvula isanayambe. Munda wa a Noah, kuyambira pachulupo mpaka kudambo, wasowa mwamuna, ndipo tsopano wamupeza.

“Mkamwini wa pano amakhala pano.”

*

Dzuwa litapendeka Zelifa anamuperekeza, Fyness akutsatira patali monga kuyenera. Asanafike pamsewu, njinga yamoto inawapeza n'kuima osazimitsa. Walter anamuyamika Redson ndi mano okhaokha, nati popeza alimi sakhala ndi nthawi yometa, iye ali ndi mphwake amene akufuna malo abwino pa Migowi, ndipo mwini chipinda chija amadziwana naye. Anawasiyira fumbi.

Akupitiriza ulendo, Zelifa anatenga dzanja la matuza lija, naliyang'ana, nalisunga m'manja mwake. Anati lero wanyadira mpaka kuchita mantha kuti anthu amuona, ndipo amalume ake chibadwire chake anali asanabwezepo mawu awo kwa munthu. Redson anati ankhoswe akabwera adzapempha bwinobwino kuti amutenge akakhale naye ku Migowi, poti ena amatero masiku ano. Zelifa anasiya dzanja lija.

“Amayi anabereka mwana wamkazi mmodzi, a Redi. Ndikachoka, munda uja ndi nyumba ija zitsala ndi ndani?”

“Ndiye unkadziwa kuti anena zimenezi?”

“Mwabadwira ku Phalombe konkuno. Mumaganiza kuti ine ndidzakwatiwa bwanji?”

Redson ankadziwadi. Anangokhala akuzikankhira kutsogolo, monga achitira munthu ndi dzino lobowoka. Anayesa kuwerenga mumtima maola a panjinga kuchoka pachulu paja kufika ku Migowi, kupita ndi kubwerera, nthawi ya dzinja dambo litadzaza, khasu likudikira m'mawa uliwonse, ndipo sizinatheke. Anayang'ana uku ndi uku pamwamba pa minda, osaona mtengo wa magetsi ngakhale umodzi. Anafunsa ngati zinamvekapo kuti magetsi adzafika kuno. Zelifa anayamba kuseka, koma ataona nkhope yake analeka.

Anafika pamphambano pomwe woperekeza amabwerera. Zelifa anakonza duku lake.

“Mwameta mudzi wonse chifukwa cha ine, sindidzaiwala. Babashopu ija ndikuidziwa momwe munaivutikira, sindikuuzani kuti muitseke. Koma Loweruka amayi adzasesa pabwalo m'mamawa. Ankhoswe akapanda kufika, musalembe kalata. Ndidzakhala nditamva.”

Anatembenuka nabwerera kwa Fyness, osacheuka. Redson anatsala pamphambano atagwira njinga, chikwama cha makina chikulendewera pahandulo, ndipo anaima pamenepo mpaka duku lija linalowa m'chinangwa.